Chikombole cha a Kambalame

Kalekale, komatu osati kale la mauta ndi mikondo, kale lapafupi pamene simenti inali itafika m'midzi koma zitsulo zolimbitsira konkire zikadali za anthu a m'tauni, kumadambo a ku Mchinji kunali mmisiri wa zitsime dzina lake Kambalame. Mkazi wake anali Nankhoma, ndipo nkhani ino ndi ya mlandu umene mwamunayo anamusiyira m'manja.

Dothi la kumeneko ndi lamchenga. Ukakumba chitsime osachitchinjiriza, mvula yoyamba yomweyo chimadzikwirira chokha. Choncho Kambalame ankaumba maringi, mphete zikuluzikulu za konkire zoti munthu wamkulu n'kunyonyomalamo, n'kumazisanjikiza m'dzenje kuchokera pansi mpaka kumtunda. Ankaumbira m'chikombole chachitsulo cha mbali ziwiri, yamkati ndi yakunja, zomangana ndi mabawuti. M'dera lonselo chikombole chinali chimodzi chomwecho. Mwini wake sankagona ndi njala ngakhale chaka choipa, chifukwa chilala chikavuta m'pamene anthu amafuna zitsime.

Ntchito Kambalame ankaidziwa, zimenezo tisamunamizire. Koma makani ake anali oti ngakhale ng'ombe ya pangolo n'kumupatsa ulemu. Tsiku lililonse ankanena mawu omwewo.

"Konkire ndi zinthu zinayi: simenti, mchenga, miyala ya kwale ndi madzi. Chachisanu ndi zinyalala."

Vuto n'lakuti konkire yopanda kanthu mkati ili ndi khalidwe la mbiya. Imasenza katundu wolemera zaka ndi zaka osadandaula, koma tsiku losweka imasweka kamodzin'kamodzi, osachenjeza munthu. Nankhoma anaziona yekha zimenezi. Tsiku lina ringi inagunda khoma la dzenje akuitsitsa, n'kumwazika zidutswazidutswa, ndipo chidutswa china chinachotsa khutu la bambo wina waganyu amene anali pansi. Kambalame anati cholakwa chinali chingwe. Kuyambira pamenepo, mwamuna wake akalowa m'dzenje, Nankhoma mtima unkakhala uli m'mwamba mpaka atatuluka.

Awiriwa anali ndi ana atatu, onse akuluakulu a pabanja pawo. Woyamba anali Lekeleni, amene ankamata matayala pamsika. Wachiwiri anali Esinta, mayi wamasiye wa ana anayi, amene ankasoka matumba akale a feteleza kukhala malona oyanikira chimanga. Womaliza anali Saulosi, wopota zingwe za khonje, amenenso ankathandiza bambo ake kuzitsime. Atatuwa sankamwerana madzi. Chimene anayambanirana palibe ankachikumbukira, koma akakumana panjira moni wake unkakhala wa pamphuno.

Chaka china Kambalame anakumba chitsime cha pakhomo pake penipeni. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Itatsala ringi imodzi kuti aumbe, kunabwera uthenga wa maliro a malume ake ku Kasungu. Anaitana ana ake onse atatu, chifukwa anali ndi lamulo lake lina: mulu wa simenti, mchenga ndi kwale uzitembenuzidwa katatu usanathiridwe madzi, ndipo ulendo uliwonse fosholo igwidwe ndi munthu wina. Ankati dzanja limodzi limakondera mbali.

"Muumbe monga ndimaumbira ine," anatero akukwera njinga. "Nankhoma, uziwayang'ana amenewa."

Woyamba kugwira fosholo anali Saulosi. Iye anali ataona kuti matope ozira nyumba akasakanizidwa ndi udzu sang'ambika. Anabwera ndi ndowa ya luzi la khonje, lodulidwa lalifupilifupi ngati chala, limene analinyika m'madzi kuyambira dzulo lake. Analifinya n'kuliwaza pamulu.

"Dzuwa ili ling'amba ringi isanakhwime," anatero. "Luzi ili lisunga chinyontho mkati."

Wachiwiri anali Esinta. Anayang'ana luzi la mlongo wake n'kutsonya.

"Zakozi ziwola, iwe. Thumba la feteleza ndinalikwirira kumunda, patapita zaka zisanu ndinalifukula lili momwemo."

Anamasula mpango wake, ndipo munali ulusi woyera wa matumba, wothothola ndi kuduladula. Anawaza manja awiri bwinobwino. Dzanja lachitatu mwana kumbuyo anayamba kulira, ndiye anangoponya chibulumwa chonse n'kutembenuza mothamanga.

Womaliza anali Lekeleni. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Inu mukufuna kumanga ng'ombe ndi ulusi wosokera malaya."

Iye anali ndi chitini cha mawaya a m'matayala otentha, odulidwa ndi pulayala, kalikonse kokhota kumapeto ngati mbedza. Anakhuthula chitini chonsecho, n'kutembenuza kachitatu, n'kuthira madzi.

Nankhoma anaona zonsezi ali pakhonde, ndipo sanatsegule pakamwa. Ankaopa mwamuna wake, inde, koma ankaopa kwambiri akakumbukira khutu la waganyu uja. Atamasula chikombole, ringi inatuluka ili ndi ndevu thupi lonse. Iye anayatsa udzu n'kuwaula ulusi wotulukira kunja, mawaya anawapinda ndi mwala, kenako anapaka simenti yamadzimadzi mpaka ringi inasalala ngati zinzake. Anaifunditsa masaka onyowa n'kumaithirira m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu.

Kambalame atabwerako anazungulira maringi ake ndi nyundo. Onse amene anaumba yekha asananyamuke anali ndi timing'alu tating'onoting'ono ngati ta kuchidendene, chifukwa cha dzuwa lija. Ya ana ake inalibe ndi kamodzi komwe. Anaigogoda, n'kumvetsera, n'kugwedeza mutu.

"Mwaonatu. Mukamvera zimatuluka chonchi."

Anaiika yachitatu kuchokera pansi, pamalo pamene madzi amakwera ndi kutsika, poti ankati pamenepo pamafunika yabwino koposa. Nankhoma anafuna kuseka, koma chikumbumtima chinamuletsa. Anangolowa m'nyumba.

Panapita zaka zisanu ndi chimodzi. Kunabwera chilala, madzi m'chitsime anatsika mpaka ndowa inayamba kutunga matope. Kambalame, imvi zili mbuu, anati alowa akakumbe kunsi kwa maringi kuti atsate madzi. Masiku awiri m'mbuyo mwake kunali kutagwa mvula yoyamba, yamphamvu koma yaifupi, imene inangofewetsa mchenga osawonjezera madzi ndi dontho lomwe. Nankhoma anamuchonderera kuti adikire.

"Zitsime makumi asanu ndi limodzi ndakumba ine," anayankha. "Cha pakhomo panga ndiye chindidye?"

Analowa m'mawa anthu akupita kumunda. Nankhoma ndi Saulosi ankakoka ndowa za matope kumtunda. Atakoka ya khumi, nthaka inanjenjemera kumapazi awo, m'mbali mwa chitsime munatitimira, ndipo pansi panamveka kusweka kotsatizana. M'dzenjemo munatuluka fumbi lokhalokha. Chingwe chinangoti lende, chopanda kanthu.

Nankhoma anagwada pamphepete n'kuitana dzina la mwamuna wake, dzina lenilenilo limene sanalitchulepo pagulu chikwatirireni. Anaitana kasanu. Kachisanu ndi chimodzi kunamveka mawu, aang'ono ngati ochokera m'botolo.

"Ndili moyo. Musaponde pafupi."

Mudzi wonse unabwera ndi makasu ndi ndowa. Lekeleni anatseka malo ake pamsika, Esinta anasiya lona padzuwa. Anafukula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, akutulutsa mchenga ndi zidutswa za maringi a kumtunda, amene onse anaphwanyika ngati mbale zadothi. Kenako anafika pa ringi ya ana ija, yachitatu kuchokera pansi. Ringiyo inali itafinyika, osakhalanso yozungulira koma yowulungika ngati dzira, itang'ambika malo anayi, ming'alu yoti dzanja n'kulowa. Koma zidutswa zake sizinasiyane. Zinagwirana, ndipo zibuma zonse zakumtunda zinapanikizika pamwamba pake ngati denga. Kunsi kwa dengalo kunali Kambalame, akupuma.

Mpata wotulukira unali ngati lichero kukula kwake. Munthu wa miyendo iwiri akanakwera yekha mosamala, koma mwendo wa Kambalame unali utathyoka pansi pa bondo. Anamuponyera chingwe, anadzimanga m'khwapa, amuna asanu n'kukoka. Podutsa pampatapo, mawaya adzimbiri otuluka m'ming'alu anamung'amba msana kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Sanalire. Nankhoma ndi amene analira.

Zopita kuchipatala Kambalame anakana kwamtuwagalu. Anati watuluka m'manda amodzi, sakufuna kukagona pakhomo pa ena. Mwendo anaumanga ndi nsungwi, mabala anawatsuka ndi madzi amchere. Tsiku lachitatu analamula kuti zidutswa za ringi ija zibwere pakhonde, ndipo ana onse atatu akhale pamaso pake. Nankhoma anakhala cha kumbali.

"Tsiku lathunthu ndinagona chagada ndikuyang'ana ringi imeneyi ndi tochi," anatero Kambalame. "Palibe konkire imene ndinaiwerengapo ngati iyi. Ndinaona ndevu zimene sindinazifese ine. Musandiuze kanthu, ndikudziwa mwini wa chilichonse."

Anatola chidutswa n'kuloza Saulosi.

"Iwe, luzi lako linateteza ringi ku dzuwa. Anzake ong'ambika aja ndi amene anayamba kuphwanyika. Iyi inalandira nkhonya yoyamba ili yathunthu, ndipo ikanakhala ndi mng'alu umodzi wakale, bwenzi itagawanika pomwepo zinazi zisanagwire n'komwe ntchito. Koma taona apa." Anapala ndi chikhadabo, ndipo munatuluka fumbi lakuda. "Zaka zisanu ndi chimodzi m'madzi, luzi linawola, linasiya tinjira ngati ta chiswe. Madzi analowera mmenemo. Mbali yowolayi ndi imene inagonja, ringi n'kufinyika."

Anatembenukira kwa Esinta.

"Iwe, ulusi wako sunawole ndi umodzi womwe. Tizidutswa tonse tating'ono tinalendewera pa iwo ngati nsomba mu ukonde, ndipo mchenga unatsekeka pamwamba. Popanda iwo, mchenga ukanandidzaza m'kamwa dzuwa lisanafike pamutu. Koma pena unaponya chibulumwa osamwaza. Simenti sinalowemo, panatsala chisa chopanda mphamvu. Chibuma chozungulira chisacho ndi chimene chinathothoka n'kundithyola mwendo."

Pomaliza anayang'ana Lekeleni nthawi yaitali.

"Iwe, mawaya ako ndi amene anasenza dothi lonse lija. Ndinkawamva akulira m'ming'alu, kamodzi kakuduka, ena n'kugwira. Popanda iwo, ming'alu inayi ija ikanatseguka, denga n'kundigwera pachifuwa. Koma anachita dzimbiri, ndipo msana wangawu ndi ntchito yawo."

 Kambalame anayang'ana mkazi wake, ndipo Nankhoma anadziwa kuti waona ndi simenti yopaka ija yomwe. Anadikira mawu ake, koma mwamunayo anangotembenukira kukhoma. Kukhala chete kumeneko kunamupweteka kuposa kukalipiridwa.

Tsiku lachisanu ndi chitatu Kambalame analephera kutsegula pakamwa kuti amwe phala. Khosi linauma, msana unayamba kupindikira kumbuyo. Anali kafumbata, matenda olowera pabala lakuda. Apa ndiye makani anatha, poti analibenso pakamwa pokanira. Anamugoneka pangolo m'mawa kuti apite naye kuchipatala, Nankhoma atamutsamiritsa pamiyendo pake. Ali panjira, mwamunayo anamukoka nsalu, iye n'kuweramitsa khutu. Mawu ankatuluka pakati pa mano olumana.

"Chikombole upatse mmodzi. Asagawane, aphana. Upatse amene anandisungira mpweya. Amene wandipha asachikhudze."

"Ndani, abambo? Tchulani dzina."

Anayesa. Nankhoma anaona mitsempha ya m'khosi ikukokana, maso akumuyang'ana ngati munthu amene yankho ali nalo. Ngolo inagunda mwala, thupi lonse linauma gwa, ndipo nsagwada sizinatsegukenso. Achipatala anachita zimene akanatha, koma anati abwera naye mochedwa. Anamwalira patapita masiku awiri.

Maliro atatha, tsiku losesa, achibale a malemu anatenga njinga ndi zovala monga mwa mwambo. Za chikombole anasamba m'manja. Anati mawu a munthu wakufa sadumphidwa, ndipo amene anawamva ndi khutu lake ndiye aweruze. Anachitulutsa n'kuchiimika pabwalo, mbali zonse ziwiri zitamangidwa ndi mabawuti. Chilala chinali chikadalipo, ndipo midzi inayi inali itatumiza kale anthu kudzafunsa amene aziumba maringi tsopano.

Lekeleni anayamba, poti ndiye wamkulu.

"Amayi, munamva nokha. Dothi linasenzedwa ndi mawaya anga. Dzimbirilo linabwera ndi madzi, ndipo amene anawatsegulira njira madziwo ndi Saulosi. Komanso mwendo ukanakhala wabwino, bambo akanakwera okha osakhudza waya. Ine ndinasunga, awiriwa ndi amene anawononga."

Esinta sanadzutse mutu polankhula.

"Achimwene, denga lanulo likanasunga mtembo. Munthu amafa ndi mchenga m'mphuno, ndipo mchenga ndinatseka ndine. Bambo anati mpweya, sanati dothi. Mwendo wothyoka anthu amachira nawo. Chimene chawaika m'manda ndi bala, ndipo bala lili ndi mwini wake."

Saulosi analankhula pomaliza.

"Ine langa linawola, sindikukana. Koma linawola litagwira kale ntchito yake. Ringi yong'ambika ndi dzuwa ikanaphwanyika ngati zinzake zija, mawaya ndi ulusi wanu n'kukwiririka limodzi ndi bambo. Ndipo luzi silinathyole fupa la munthu, silinatulutse magazi a munthu. Pa atatufe, ndi ine ndekha amene changa sichinawakhudze thupi."

Onse anayang'ana mayi awo. Nankhoma anali atakhala masiku onse a maliro akuzunguza nkhaniyi m'mutu, ndipo paliponse pamene ankagwira pankaterera. Akachotsa luzi, ringi ikanagawanika pankhonya yoyamba, koma akalisiya, ndi lomwe linaiwoletsa. Akachotsa ulusi, mwendo ukanapulumuka koma mwini mwendo akanatsamwa. Akachotsa mawaya, panalibe bala, panalibenso munthu woti avulale. Chilichonse pachokha sichikanamusunga mpaka madzulo, ndipo chilichonse pachokha sichikanamupha.

Panalinso china chimene ana ake sanachitchule, kaya chifukwa cha ulemu kaya chifukwa choiwala. Iye ndi amene anauzidwa kuti aziyang'ana, ndipo anayang'anadi, n'kukhala chete. Akanaulula msanga, Kambalame akanaswa ringiyo ndi nyundo n'kuumba ina ya zinthu zinayi, ndipo akanafera pansi m'mawa umene chitsime chinagumuka, osatsanzika. Koma akanaulula mwamunayo ataona kale kuti ringi yatuluka bwino, mwina mmisiriyo akanaphunzira, n'kudziwa muyeso wake wa chilichonse, n'kuthira m'maringi onse mosamala, chitsime osagumuka n'komwe. Iye anasankha kupaka simenti pamwamba. Usana wonse ankaona maso aja a pangolo, ndipo sankadziwa ngati dzina limene linakanirira pakati pa mano linali la mwana kapena lake.

Anadzuka, n'kuyenda mpaka pachikombole, n'kuika dzanja pachitsulo chotentha ndi dzuwa. Kumbuyo kwake kunali ana atatu, aliyense ndi ana akenso oti adye, ndipo ankadziwa kuti akatchula mmodzi, ndiye kuti awiri enawo wawatcha opha bambo awo pamaso pa mudzi wonse, dzina loti adzafa nalo.

Ine nkhani ndaisiyira pamenepa, dzanja la Nankhoma lili pachitsulo. Inu amene mwamva zonse, luzi, ulusi, waya ndi simenti yopaka pamwamba, tamuuzeni mayiyu: ndani anasungira Kambalame mpweya, ndani anamupha, ndipo chikombole chipite m'manja mwa yani?